Kusuzumila m'diso la munthu wamoyo: kucokela pa kandulo kufika pa kamela

Ambili a ife tili na cithunzi cimodzi mu foni cimene tinajambulidwa usiku, pa kicheni pati kapena pa ukwati, malaiti atapita, flash itawala, ndipo maso athu anatuluka ofiila monga a cinyama ca m'sanga. Timaseka, wina amati ni ufiti, kenako timacifufuta. Koma kufiila kuja si vuto la foni. Kuwala kwa flash kumalowa pa mwana wa diso, kukagunda kumbuyo kwenikweni kwa diso kumene kuli magazi ambili, n'kubwelela mu kamela. Cimene ife timafufuta cija, madokota anacisakila zaka zoposa 100 kuti acione bwino. Mbili imeneyi itikhudza ife tonse amene tili na amayi, atate kapena ambuya odwala shuga na BP panyumba.

Kumbuyo kwa diso, mkati, kuli kansalu kopyapyala kochedwa retina. Ndiko kamalandila kuwala n'kutumiza uthenga ku ubongo kupitila mu mtsempha waukulu wa diso. Mwana akali m'mimba, retina imamela kucokela ku ubongo weniweniwo. Palibe malo ena pathupi pamene dokota angaone mtsempha wa ubongo pamodzi na tumitsempha twa magazi tukugwila nchito popanda kung'amba munthu. Matenda amene amawononga mitsempha mwakacetecete, monga shuga na BP, amasiya zizindikilo zake pamenepo mwiniwake akalibe kumva kalikonse.

Vuto linali lakuti mwana wa diso amaoneka wakuda. Tiyelekezele kuti muli panja ndipo mufuna kuona m'cipinda ca mdima kupitila pa kabowo ka kiyi. Mukaika diso pa kabowo, mutu wanu utsekeleza kuwala. Mukaikapo toci, mulibe poonela. Diso nalo n'cimodzimodzi. Kuwala kumene kwalowa kumatuluka kutsatila njila imene kunalowela, kubwelela ku nyale. Kuti muone mkati, diso lanu liyenela kukhala panjila imodzi na nyaleyo. Flash ya foni imatulutsa maso ofiila cifukwa ili pafupi kwambili na diso la kamela.

Mu 1704, dokota wa ku Paris dzina lake Jean Méry anamiza pusi m'madzi, ndipo anaona tumitsempha twa kumbuyo kwa diso la pusiyo. Madzi anasintha mmene kutsogolo kwa diso kumapindila kuwala. Koma munthu wodwala sungamumize m'beseni kuti umupime. Mu 1823, wasayansi wa ku Czech, Jan Purkyně, anagwilitsila nchito kandulo na magalasi ake a maso n'kuona kuwala kwa mkati mwa diso la galu komanso la munthu. Analemba zimenezi m'Cilatini, ndipo ocepa cabe anawelenga. Mu 1847, Charles Babbage wa ku London, uja amakumbukilidwa pa mbili ya kompyuta, anapanga kacipangizo ka galasi n'kukaonetsa dokota wa maso. Dokotayo sanaone bwino kanthu, ndipo nkhani inathela pomwepo.

Cakumapeto kwa 1850, Hermann von Helmholtz, mphunzitsi wa zaka 29 pa yunivesiti ya Königsberg, mzinda umene lelo uchedwa Kaliningrad, anali kukonzekela phunzilo lofotokoza cifukwa cake maso nthawi zina amawala. Anatenga tumagalasi toonekela, makatoni na guluu. Anapendeketsa tumagalasito kuti tubweze kuwala kwa nyale kulowa m'diso la munthu, pamene iye anali kuyang'ana kupyola m'tumagalasi tumeneto. Diso lake na kuwala zinakhala panjila imodzi, ndipo retina ya munthu wamoyo inaonekela. Anafalitsa zimene anapeza mu 1851. Kacipangizoka ndiko kholo la ophthalmoscope, katoci kaja dokota amakuunikani nako m'maso atayandikila nkhope yanu.

Izi zisanacitike, munthu akacita khungu koma maso ake akuoneka abwinobwino kunja, madokota a ku Germany anali kungoti ali na ng'ala yakuda. Iwo eni anali kuseka kuti awa ni matenda amene wodwala saona kanthu, dokota nayenso saona kanthu. Patangopita zaka 10 kucokela pamene Helmholtz anapanga galasi lake, ng'ala yakuda ija inapezeka kuti ni matenda osiyanasiyana. Ku Berlin, Albrecht von Graefe anaona kuti pa matenda a glaucoma mutu wa mtsempha wa diso umalowa mkati monga kambale, ndipo mu 1860 anaonetsa kuti mtsempha umenewu umatupa munthu akakhala na cotupa mu ubongo. Richard Liebreich anafotokoza mu 1859 mmene retina imaonekela mwa odwala impso. Ku Vienna, Eduard Jaeger anaona mawanga na tumadontho twa magazi m'diso la wodwala shuga. Apa m'pamene madokota anazindikila kuti diso limaulula matenda a thupi lonse. Pofika 1939, madokota atatu a pa Mayo Clinic ku America, Keith, Wagener na Barker, anagawa odwala BP m'magulu anayi malinga na zimene anaona m'maso mwawo, ndipo a m'gulu lacinayi ndiwo anali kumwalila msanga kwambili.

Koma panali vuto lina. Cimene dokota waona na katoci kake cimakhala m'mutu mwake. Mnzake sangacione, ndipo iye mwini caka camawa sangakumbuke ngati tumadontho tunali tutatu kapena 8. Poyamba anayesa kujambula pamanja. Liebreich anatulutsa buku la zojambula za mkati mwa diso mu 1863, ndipo Jaeger anatulutsa lake mu 1869. Cojambula cimodzi cinali kufuna kuti wodwala abwele kambilimbili, akhale phee kutsogolo kwa nyale dokota akupenta. Mabuku amenewo anathandiza pophunzitsa, koma palibe cipatala cikanakwanitsa kupentela wodwala aliyense.

Cithunzi coyamba ca kamela ca retina ya munthu wamoyo cinatengedwa ku England mu 1886 na Jackman na Webster. Munthu anafunika kukhala osasuntha diso kwa mamineti awili na hafu, ndipo cinatuluka cosaoneka bwino. Friedrich Dimmer wa ku Austria anatenga zithunzi zooneka bwino kumayambililo kwa ma 1900, koma makina ake anali aakulu ngako ndiponso odula. Mu 1926 kampani ya Zeiss ya ku Jena inayamba kugulitsa kamela yopangidwa motsatila nzelu za dokota wa ku Sweden, Johan Nordenson, ndipo zipatala zinayamba kukhala na makamela awoawo. M'ma 1950 kunabwela flash ya magetsi, ndipo zithunzi za mitundu zinakhala zosavuta kutenga. Kuyambila apo, diso la munthu linatheka kusungidwa mu faelo, kuyelekezeledwa na la caka catha, na kutumizidwa kwa dokota wina amene sanamuonepo wodwalayo.

Kamela inafika panthawi yake, cifukwa matenda a shuga anali atasintha. Insulin isanapezeke ku Toronto mu 1921 na 1922, ana na acinyamata odwala shuga sanali kukhala moyo nthawi yaitali. Insulin inawapatsa zaka zambili, koma m'zaka zimenezo shuga inapeza mpata wowononga maso. Zimacitika motele: shuga ikakhala yokwela kwa nthawi yaitali, tumitsempha twa mu retina tumafooka. Twina tumatupa n'kuyamba kudontha madzi na magazi, twina tumatsekeka. Retina ikasowa magazi, imameletsa tumitsempha twatsopano tosalimba, ndipo tumeneto tukaphulika magazi amadzala m'diso, kapena zipsela zimakoka retina n'kuimatula. Zonsezi sizipweteka. Munthu amawelenga mameseji mu foni bwinobwino pamene mkati zinthu zikuwonongeka, ndipo tsiku limene azindikila kuti saona bwino, matenda amakhala afika patali.

Mu 1959, ophunzila udokota awili pa yunivesiti ya Indiana ku America, Harold Novotny na David Alvis, anayesa cinthu catsopano. Analasa mankhwala owala ochedwa fluorescein mu mtsempha wa pamkono, n'kujambula retina pamene mankhwalawo anali kuyenda na magazi. Woyamba kulasidwa anali Alvis yemweyo. Zithunzi zinaonetsa pamene pakudontha na pamene patsekeka, monga mmene pulambala amapezela paipi yoboola. Anafalitsa mu 1961, ndipo njilayi ikali kugwila nchito mpaka lelo. Mu 1968 akatswili anakumana ku Airlie House ku Virginia n'kugwilizana mmene angaikile matenda a shuga a m'maso m'magulu pogwilitsila nchito zithunzi, kuti dokota wa mzinda uwu na wa mzinda uja azikamba cinthu cimodzi. Kenako mu 1976, kafukufuku wamkulu wa ku America anaonetsa kuti kuwocha retina na laser panthawi yoyenela kumacepetsa ngozi ya kutaya maso na hafu kapena kuposelapo. Cithunzi cinaleka kukhala congolengeza tsoka, cifukwa tsopano panali cocita munthu akapezeka msanga.

Mu 1991, David Huang, Eric Swanson, James Fujimoto na anzawo pa MIT ku America anafotokoza njila yochedwa OCT. Imagwila nchito monga sikani ya amayi apakati, koma m'malo mwa mafunde a phokoso imagwilitsila nchito kuwala. Cithunzi wamba cimaonetsa retina pamwamba cabe, monga buledi yosadula. OCT imaonetsa mkati monga kuti mwadula silaisi, popanda kukhudza diso. Dokota amaona ngati pakati pa retina, pamene timawelengela na kuzindikilila nkhope, patupa na madzi, ndipo amapima ngati mtsempha wa diso ukupyapyala kaamba ka glaucoma. Makina oyamba anayamba kugulitsidwa mu 1996.

Olo n'telo, cimene cinapulumutsa maso a anthu ambili si makina odula. Iceland inayamba mu 1980 kupima maso a odwala shuga nthawi na nthawi. England inayamba mu 2003 pulogilamu ya dziko lonse yoitana aliyense wodwala shuga wa zaka 12 kapena kuposelapo kuti akajambulidwe retina caka ciliconse, kaya aona bwino kapena ayi. Wojambula sanali kufunika kukhala dokota. Anthu ophunzitsidwa anali kuwelenga zithunzi n'kutumiza kwa dokota okhawo ofunika cithandizo. Mu 2014 kunatuluka lipoti loonetsa kuti ku England na Wales, kwa nthawi yoyamba pa zaka zosacepela 50, shuga sinalinso patsogolo pa zocititsa khungu pakati pa anthu a msinkhu wogwila nchito. Kamela inali yodziwika kale. Cinasintha n'cakuti anthu anali kuitanidwa, anali kubwela, ndipo opezeka na vuto anali kuthandizidwa.

Dela lathu lino nalo lili na mbali yake m'mbili imeneyi. Kumayambililo kwa ma 1990, pa cipatala ca Queen Elizabeth Central ku Blantyre, dokota wa maso Susan Lewallen, pogwila nchito na Terrie Taylor na Malcolm Molyneux, anayamba kuunika m'maso mwa ana okomoka na maleliya a mu ubongo. Anapeza mawanga oyela pa retina, mitsempha yosintha mtundu kukhala yoyela kapena ya olenji, na tumadontho twa magazi. N'cifukwa ciani izi zinali zofunika? Kumadela kumene maleliya ni ofala, ana ambili amakhala na tuzilombo m'magazi olo asakudwala. Mwana akabwela atakomoka, magazi n'kuonetsa maleliya, n'zosavuta kuganiza kuti maleliya ndiwo amukomola pamene vuto lili kwina. Lipoti la mu 2004 la ku Blantyre komweko linaonetsa kuti pa ana 31 amene anamwalila akuganizilidwa kuti ali na maleliya a mu ubongo, 7 anamwalila na matenda ena, ndipo cizindikilo cimene cinali kusiyanitsa magulu awiliwa cinali m'maso. Zimene anapeza ku Malawi manje zimaphunzitsidwa kwa madokota m'maiko ambili, ndipo anazipeza na ophthalmoscope, mdzukulu wa galasi la Helmholtz.

Kuno ku Zambia, mu 2012 a cigawo ca maso pa cipatala cacikulu ca Kitwe, mogwilizana na cipatala ca Frimley Park ca ku England, anayamba kuyenda na kamela m'matauni a ku Copperbelt kujambula maso a odwala shuga. Pa anthu oposa 2,000 amene zithunzi zawo zinawelengedwa, oposa hafu anali na matenda a shuga mu retina, ndipo mmodzi pa atatu alionse anali atafika poti angataye maso. Awa anali anthu a m'makomboni monga athu, a ku Kitwe na matauni ozungulila.

Zithunzi zimenezo zinagwilanso nchito ina. Mu 2016, akatswili a Google anaonetsa kuti kompyuta yophunzitsidwa na zithunzi zoposa 128,000 ingazindikile matenda a shuga mu retina mofanana na madokota a maso. Mu April 2018 boma la America linavomeleza pulogilamu yoyamba, yochedwa IDx-DR, yowelenga zithunzi zotele popanda dokota kuziona coyamba. Funso linali lakuti, kodi pulogilamu yophunzitsidwa na maso a anthu a kwina ingawelenge maso a munthu wa ku Africa? Mu 2019, pulogilamu yophunzitsidwa na zithunzi za ku Singapore inayesedwa pa zithunzi 4,504 za anthu 1,574 a ku Copperbelt. Pa 100 alionse ofunika kutumizidwa kwa dokota, inazindikila pafupifupi 92. Kwa dziko limene madokota a maso ni ocepa ndipo ambili ali m'mizinda ikuluikulu, iyi ni nkhani yabwino. Nesi pa kiliniki angatenge cithunzi, kompyuta n'kusankha ofunika kuonana na dokota mwamsanga.

Koma kompyuta siigwila laser, siilasa nyeleti ya m'diso, ndipo siipeleka ndalama ya basi kwa ambuya ocokela kutali. Phunzilo la ku England likali pamenepo: cithunzi cimathandiza ngati munthu wabwela kudzajambulidwa, ndipo pambuyo pake pali womuthandiza. Mbali yoyambayo ili m'manja mwathu. Ife amene timathandizila pa wailesi ya m'dela timamva yankho limodzimodzi nthawi zonse tikakamba za maso: "Ine niona bwino, nilibe vuto." Ena amati anapimitsa kale, koma ukafunsitsa upeza kuti anawelenga zilembo za pakhoma n'kugula magalasi. Kupima kumeneko n'kwabwino, koma sikuona retina. Magalasi amakonza kutsogolo kwa diso, pamene shuga imadya kumbuyo.

Conco ngati panyumba pali wodwala shuga, afunika kupimidwa retina kamodzi pacaka, kapena kawilikawili ngati dokota wanena. Wacikulile amene wangopezeka kumene na shuga asayembekezele, cifukwa matendawa amakhala m'thupi zaka asanadziwike. Mayi wodwala shuga akakhala na pakati afunika kupimidwa maso kumayambililo, pakuti mimba ingafulumizitse vutoli. Amene ali na sickle cell, BP yovuta kutsika, kapena wacibale wodwala glaucoma, afunse za kupimidwa kumbuyo kwa diso. Amene ali na HIV ndipo citetezo catsika kwambili, akayamba kuona tuzinthu tukuyandama kapena mdima mbali imodzi, apite tsiku lomwelo. Kupimako sikupweteka. Nthawi zambili amadonthezela mankhwala okulitsa mwana wa diso, amene amalumako pang'ono, ndipo kwa maola angapo munthu saona bwino zapafupi komanso dzuwa limathobwa m'maso. Ndiye cifukwa cake ni bwino kuwapelekeza, ndipo asayendetse motoka pobwelela. Tikafika, tifunse momveka kuti, "Kodi mwaona kumbuyo kwa diso? Mwapeza ciani? Tibwelenso liti?" Tilembe deti mu foni yathu, cifukwa makolo amaiwala ndipo ise ndise timagwila mafoni tsiku lonse. Tisaiwale kuti kusunga shuga na BP pamlingo woyenela ndiko kumacedwetsa matendawa kuposa cina ciliconse.

Cinthu cothela cikhudza ana aang'ono, ndipo cili m'mafoni athu kale. Pa cithunzi ca flash, maso onse awili a mwana akatuluka ofiila mofanana, kambili palibe vuto. Koma ngati diso limodzi lituluka loyela kapena lacikasu mobwelezabweleza, pamene linalo n'lofiila, cithunzico musacifufute. Ingakhale ng'ala yobadwa nayo, kapena khansa ya retina yochedwa retinoblastoma, imene imagwila kwambili ana osafika zaka zisanu. Ikapezeka msanga imacilitsika, koma ikacedwa imatenga diso, ndipo nthawi zina moyo. Nthawi zina kuyelako kumabwela cabe kaamba ka mmene mwana anapenyela, koma wonena zimenezo akhale wa kucipatala. Mutengeni mwanayo mlungu womwewo, ndipo foni ili na cithunzi ija mupite nayo kuti dokota akaone.